Bambo Damien wa ku Molokai: Wansembe Amene Sanaime Patali ndi Odwala

Kwathu kuno ku Mwanza, mphekesera ikamveka yoti wakutiwakuti wapezeka ndi kachilombo ka HIV, funso limene limayamba kuyenda pamijigo ndi m'misika si loti kodi wayamba kumwa mankhwala, kapena ali ndi womuphikira phala. Anthu amafuna adziwe kaye kuti anakatenga kuti. Ena amaloza chala kuchipata, kumene mathiraki opita ku Zobue ndi ku Tete amagona pamzere. Ena amakumbutsana za ulendo wake wa ku Joni. Mlandu umatha kugamulidwa wodwalayo asanalandire ngakhale moni. Funso lomweli linafunsidwapo zaka zoposa 130 zapitazo, m'dziko lina ndiponso pa matenda ena, za munthu amene anapereka moyo wake kwa odwala khate. Munthuyo ndi Bambo Damien.

Tinene poyera kuti Bambo Damien anali wansembe wa mpingo wa Katolika. Ife a Adventist timasiyana ndi mpingo umenewu pa ziphunzitso zambiri, ndipo sitipemphera kudzera mwa anthu amene anagona. Koma akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Moyo wa wansembeyu ukutionetsa kuti kuphunzitsa chiyero ndi kugwira dzanja la wodwala ndi ntchito imodzi, ndipo mpingo umene wagwira mbali imodzi yokha sunamalize ntchito.

Mwana wa mlimi wa ku Belgium

Bambo Damien anabadwa pa 3 Januwale 1840 m'mudzi wa Tremelo ku Belgium, ndipo makolo anawatcha Jozef De Veuster. Jozef anali mwana wachisanu ndi chiwiri m'banja la alimi amene ankagulitsanso mbewu. Ali ndi zaka 13 anasiya sukulu n'kuyamba kuthandiza makolo kumunda, kumene manja ake anazolowera ntchito yakalavulagaga.

Bambo ake ankafuna kuti adzapitirize malonda a banjalo, choncho anamutumiza ku Braine-le-Comte kuti akaphunzire Chifalansa. Koma mtima wake unali kwina. Mu 1859 anatsatira mkulu wake Auguste, amene ankadziwika ndi dzina loti Pamphile, ku chipani cha Mitima Yoyera ya Yesu ndi Maria mumzinda wa Leuven, natenga dzina la Damien. Poyamba akuluakulu a chipanicho ankaona kuti mnyamatayu unsembe sangaukwanitse, chifukwa sukulu yake inali yochepa ndipo Chilatini sankachidziwa. Mkulu wakeyo ndiye anamukhalira pansi n'kumuphunzitsa mpaka akuluakuluwo anasintha maganizo. Ife amene tikuphunzira uphunzitsi tisaidumphe mfundo imeneyi. Mwana amene aphunzitsi amutaya kale nthawi zina amangosowa munthu mmodzi womupirira.

Mu 1863 Pamphile anasankhidwa kupita ku zilumba za Hawaii, pakati pa nyanja ya Pacific, koma ulendo utayandikira anadwala matenda a typhus. Damien anapempha kuti apite m'malo mwake ngakhale anali asanamalize maphunziro. Anafika ku Honolulu pa 19 Malichi 1864 atayenda panyanja miyezi yoposa inayi, ndipo pa 21 Meyi chaka chomwecho anadzozedwa unsembe. Zaka 9 zotsatira Bambo Damien anatumikira pachilumba chachikulu cha Hawaii, m'madera a Puna ndi Kohala, akuyenda maulendo ataliatali ndi kumanga matchalitchi ang'onoang'ono ndi manja awo. Ku Belgium sanabwererenso ali moyo.

Nthenda yolekanitsa

Nthawi imeneyo Hawaii linali dziko lodzilamulira, lokhala ndi mfumu yake. Sitima za amalonda zinabweretsa matenda amene eni dziko anali asanakumane nawo, monga chikuku, nthomba ndi chindoko, ndipo anthu anafa ochuluka zedi. Khate nalo litayamba kufalikira, boma la Mfumu Kamehameha V linakhazikitsa lamulo mu 1865 loti aliyense wopezeka nalo achotsedwe pakati pa anthu. Malo amene anasankhidwa anali Kalawao, pakamtunda kolowa m'nyanja kumpoto kwa chilumba cha Molokai. Mbali zitatu kuli nyanja yamafunde, ndipo kumbuyo kuli matanthwe oima njo, otalika mamita pafupifupi 600. Gulu loyamba la anthu 12 linatsitsidwa kumeneko pa 6 Januwale 1866. Pofika mu 1969, pamene lamuloli linathetsedwa, anthu pafupifupi 8,000 anali atatumizidwako, ndipo ambiri sanadzaonenso kwawo.

Apolisi ankasaka odwala m'midzi, mabanja n'kumabisa abale awo kumapiri. Eni dziko anaipatsa nthendayi dzina lotanthauza matenda olekanitsa, chifukwa chimene ankachiopa kwambiri sichinali zilonda, koma kulandidwa mwana, mkazi kapena mayi. Boma linkaganiza kuti odwalawo azidzilimira okha, osalingalira kuti munthu woduka zala sangagwire khasu. Chakudya, madzi, mankhwala ndi nyumba zonse zinali zoperewera. Chiyembekezo chitatha, khalidwe nalo linagwa. Ena anayamba kutcheza mowa waukali wa mizu ya zomera, amphamvu ankalanda ofooka, ndipo ana amasiye, makamaka atsikana, ankachitidwa zachipongwe.

Komabe si zoona kuti kunalibe wochita zabwino Bambo Damien asanafike. M'chaka choyamba chomwecho odwala a mpingo wa Congregational anayambitsa mpingo wawo wotchedwa Siloama. Kunalinso anthu abwinobwino otchedwa kokua, kutanthauza othandiza, amene anasankha okha kutsatira akazi, amuna kapena ana awo ku ukaidiwo. Mmodzi mwa iwo anali Jonathan Napela, mtsogoleri wa mpingo wa Mormon, amene anatsatira mkazi wake Kitty mu 1873. Anadzakhala bwenzi la Bambo Damien, ndipo naye anatenga khate n'kumwalira mu 1879. Anthu amenewa akutikumbutsa agogo, azakhali ndi amayi a Dorika a kuno kwathu, amene anasamalira odwala Edzi m'zaka zimene mankhwala kunalibe, koma mayina awo sanalembedwe paliponse.

Ntchito ya manja

Mu 1873 bishopu Louis Maigret anaona kuti ku Kalawao kukufunika wansembe, koma sanafune kulamula aliyense, podziwa kuti wopita kumeneko akhoza kukasiya moyo. Ansembe anayi anadzipereka kuti azisinthana. Woyamba kupita anali Bambo Damien, amene anafika pa 10 Meyi 1873 ali ndi zaka 33, napeza odwala oposa 600. Patangopita masiku ochepa anapempha kuti akhaliretu. Masabata oyamba ankagona pansi pa mtengo pafupi ndi katchalitchi ka St. Philomena chifukwa nyumba analibe.

Ntchito yawo sinathere paguwa. Ankatsuka ndi kumanga zilonda. Pamodzi ndi odwala amene anali ndi mphamvu, anamanga nyumba zamatabwa, anakulitsa tchalitchi, anathandiza kukoka mapaipi a madzi ndiponso analimbikitsa ulimi. Anapeza kuti omwalira ambiri ankangokulungidwa m'nsanza n'kukwiriridwa m'maenje osaya amene nkhumba zinkafukula. Iwo anayamba kukhoma mabokosi, kukumba manda, kumanga mpanda kumandako ndi kukhazikitsa magulu oyendetsa maliro. Anayambitsanso kwaya ndi bandi, kuti anthu amene dziko linawaiwala akhalenso ndi choyembekezera dzuwa likatuluka. Ankalembera boma ndi anthu akufuna kwabwino makalata osaleka, kupempha zovala, chakudya ndi mankhwala, mpaka akuluakulu a zaumoyo anatopa nawo.

Chimene chinadabwitsa anthu kwambiri n'chakuti sankaima patali. Alendo ambiri ankalankhula ndi odwala atatalikira, koma iwo ankalowa m'nyumba zawo, kudya nawo m'mbale imodzi ndi kuwalandira kunyumba kwawo. Pachikhalidwe cha anthu a ku Hawaii, monganso pachathu, munthu amene wakana kudya nawe ndiye kuti wakana iweyo. Polalikira ndi polemba makalata ankadziwerengera m'gulu la akhatewo, ngakhale pa nthawi imene thupi lawo linali lisanagwidwe ndi nthendayo.

Chifundo chimenechi sichinawatseke pakamwa pa nkhani ya makhalidwe. Ankayenda ndi ndodo kukaswa zipangizo zotchezera mowa, ndipo ena anadana nawo chifukwa cha zimenezi. Anatsegula nyumba zosungiramo anyamata ndi atsikana amasiye kuti awachotse m'manja mwa owazunza. Anauza boma kuti kulekanitsa mwamuna ndi mkazi wake n'kumene kunkabala chiwerewere, napempha kuti okwatirana aziloledwa kukhalira limodzi. Munthu amene ankamudzudzula madzulo ndi yemweyo amene anali atamutsuka zilonda m'mawa. N'chifukwa chake ambiri ankawamvera.

Zofooka anali nazo. Anali a mtima wapachala ndiponso amakani, moti ankakangana ndi akuluakulu a boma ngakhalenso a chipani chawo. Ukhondo sankausamala kwenikweni. Anazolowera kusuta fodya pofuna kuphimba fungo la zilonda, ndipo kaliwo wawo yemweyo ankabwereketsa odwala. Ngakhale zinali choncho, mbiri ya ntchito yawo inawanda. Mu 1881 Liliuokalani, mlongo wa Mfumu Kalakaua, anakayendera malowo, ndipo atabwerako Bambo Damien anapatsidwa mendulo yaulemu ya ufumuwo.

Matenda afika pathupi lawo

Mu Disembala 1884 Bambo Damien anaviika phazi m'madzi otentha kwambiri. Khungu linachita matuza, koma sanamve kupweteka kulikonse. Madokotala anatsimikiza kuti linali khate. Apa ndi pamene funso lija linayamba kuwatsatira. Ngakhale kuti dokotala wa ku Norway, Gerhard Armauer Hansen, anali atapeza kale kachilombo koyambitsa khate mu 1873, anthu ambiri ankakhulupirirabe kuti nthendayi imabwera chifukwa cha dama. Dokotala wina wa boma ku Hawaii, George Fitch, ankaphunzitsa kuti khate ndi chindoko chimene chafika pachimake. Motero wansembeyu anavulidwa ndi kupimidwa thupi lonse pofufuza zizindikiro za chindoko. Sizinapezeke. Lero tikudziwa kuti khate limafala makamaka kudzera m'timadontho totuluka m'mphuno ndi m'kamwa, munthu akakhala nthawi yaitali pafupi ndi wodwala amene sakulandira mankhwala. Tikudziwanso kuti anthu pafupifupi 95 pa 100 alionse matupi awo amalikana, ndiponso kuti limachiritsika.

Zaka zinayi zotsalazo anagwira ntchito mofulumira kuposa kale, ngakhale akuluakulu awo ankawaletsa kuyenda momasuka kupita ku Honolulu. Othandiza anayamba kubwera. Mu 1886 kunafika Joseph Dutton, msilikali wakale wa ku America, amene anatenga udindo wosamalira anyamata. Ku London mbusa wa Anglican, Hugh Chapman, anasonkhetsa ndalama zambiri zothandizira ntchitoyi. Mu Novembala 1888 kunafika Mayi Marianne Cope ndi masisitere anzawo. Mayiwa ankakonda odwala monga Bambo Damien, koma anakhwimitsa lamulo losamba m'manja ndi la ukhondo. Anatumikira kumeneko mpaka imfa yawo mu 1918 osatenga khate. Moyo wawo ukutiphunzitsa kuti kudziteteza posamalira wodwala si kuchepa kwa chikondi. Wovala magolovesi potsuka bala la mbale wake sanamusale.

Bambo Damien anamwalira pa 15 Epulo 1889 ali ndi zaka 49, atakhala ku Kalawao zaka pafupifupi 16. Anaikidwa pansi pa mtengo womwe uja anagonapo atangofika.

Kalata ya mbusa

Nkhani ya imfayi inafalikira padziko lonse ndipo anthu ambiri anawatamanda. Koma mu Ogasiti 1889 mbusa wina wotchuka wa Chiprotestanti ku Honolulu, Charles Hyde, analembera mbusa mnzake kalata imene pambuyo pake inasindikizidwa m'nyuzipepala. M'kalatamo anawanena Bambo Damien kuti anali munthu wauve ndi wamakani, kuti sanali wodziletsa pa nkhani ya akazi, ndiponso kuti khate lawolo linali chipatso cha khalidwe lawo. Umboni sanapereke.

Amene anayankha anali mlembi wa mabuku wa ku Scotland, Robert Louis Stevenson, yemwe anakulira m'banja la Chipresbateria ndipo anali atakhala masiku 8 pamalo a akhatewo wansembeyu atangomwalira. M'kalata imene analemba ali ku Sydney mu Febuluwale 1890, Stevenson sanabise zofooka za Bambo Damien. Anavomera kuti anali munthu wovuta kukhala naye. Koma anaonetsa kusiyana kwa munthu amene analowa pakati pa zilonda ndi munthu amene ankaweruza ali m'nyumba yabwino mumzinda. Lero dzina la Hyde limakumbukika makamaka chifukwa cha kalata imodzi ija. Nkhaniyi ndi chenjezo kwa Mkhristu aliyense, chifukwa mnenezi uja sanali munthu wosapemphera. Anali mbusa wophunzira, wodziwa Baibulo, wokonda chiyero. Chimene chinamusocheretsa ndi kuganiza kuti matenda a munthu ndi umboni wokwanira wa tchimo lake.

Phunziro kwa ife

Ntchito yosamalira akhate si yachilendo kwa ife. Mpingo wathu unayamba ntchito ku Malamulo, m'boma la Thyolo, mu 1902, ndipo m'zaka za m'ma 1920 Dr. Carl Birkenstock anayambitsa kumeneko chisamaliro cha odwala khate chimene chinatchuka kutali. Makolo athu m'chikhulupiriro analandira anthu amene midzi yawo inawathawa. Khate litayamba kuchepa, kunabwera Edzi. Munthu woyamba kupezeka ndi kachilombo ka HIV m'Malawi anadziwika mu 1985, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 mabanja anaika maliro motsatizana, mpaka boma linayamba kugawa ma ARV aulere mu 2004. Si zodabwitsa kuti m'zaka zimenezo anthu anakumbukira wansembe wa ku Molokai. Ku Indianapolis, m'dziko la America, malo othandizira odwala Edzi amene anatsegulidwa mu 1987 anatchedwa Damien Center.

Kuno kwathunso kunali anthu olimba mtima. Namwino Catherine Phiri anaulula poyera kuti ali ndi kachilombo pa nthawi imene ambiri ankabisa, nayambitsa bungwe la SASO ku Salima mu 1994 lothandiza odwala ndi ana amasiye. Anamwalira mu 2003, kutatsala chaka chimodzi kuti mankhwala aulere ayambe. Mpingo wathu nawo sunakhale chete. Mu 1990 likulu la mpingo linatulutsa chikalata chonena za Edzi, cholimbikitsa kudziletsa ndi kukhulupirika m'banja komanso chifundo kwa odwala, ndipo bungwe la ADRA linafikira Amalawi ambiri kudzera m'sewero la Tikuferanji.

Chiphunzitso cha kudzisunga mpaka ukwati ndi kukhulupirika m'banja n'choona, ndipo chimateteza moyo. Tisachite nacho manyazi, makamaka m'boma ngati lathu limene lili pamsewu waukulu, kumene mtsikana wogulitsa manachesi amakumana ndi mayesero a ndalama tsiku ndi tsiku. Koma chiphunzitsochi chinaperekedwa kuti chikhale mpanda woteteza amene ali panjira, osati mwala wogenda amene wadwala kale. Pakati pa Amalawi pafupifupi 1 miliyoni amene ali ndi kachilomboka pali akazi okhulupirika amene anakatengera m'banja, atsikana amene anagwiriridwa, ndi achinyamata amsinkhu wathu amene anabadwa nako. Ngakhale amene anakatenga chifukwa cholakwitsa, Uthenga Wabwino sunamuchotse pa mndandanda wa oyenera kuchezeredwa. Pa Yohane 9 ophunzira atafuna kudziwa amene anachimwa kuti munthu abadwe wosaona, Yesu anakana kuyenda njira ya funsolo ndipo anamuchiritsa. Pa Marko 1 anatha kuchiritsa wakhate ndi mawu okha, koma anasankha kumukhudza.

Kusalana kumapha mwanjira yooneka. Munthu woopa kunenedwa sapita kukayezetsa. Wina amakalandirira mankhwala kuchipatala chakutali kuti anthu a kumpingo asamuone, ndipo ndalama yoyendera ikasowa amadumphitsa. Wophunzira wogonera pasukulu amabisa botolo la mapiritsi pansi pa sutikesi, n'kusiya kumwa akaona kuti anzake ayamba kunong'onezana. Chonsecho munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika amakhala ndi moyo wautali, ndipo tizilombo tikachepa m'magazi mpaka kusaoneka popima, sapatsira mwamuna kapena mkazi wake. Amayi oyembekezera akamamwa mankhwala, ana ambiri amabadwa opanda kachilombo. Choncho aliyense wouza wodwala kuti ataye mankhwala chifukwa wapemphereredwa akumuperekeza kumanda. Pemphero ndi mankhwala sizilimbana, monga momwe mpingo wathu wakhala ukumangira tchalitchi ndi chipatala pamalo amodzi.

Posachedwapa ambiri a ife tidzaima kutsogolo kwa kalasi, kaya ku Thambani, ku Kunenekude kapena pa boma. M'kalasimo mudzakhala ana amene akumwa ma ARV, ndipo sadzatiuza pokhapokha ataona kuti ndife anthu osunga chinsinsi. Tidzasamale nthabwala zathu pophunzitsa. Mwana akapempha chilolezo chopita kuchipatala mwezi ndi mwezi, tisadzamufunse mafunso pamaso pa anzake. Tikadzapatsidwa udindo woyang'anira malo ogona, tidzapeze njira yoti amwe mankhwala mosaonetsera. Kumpingo nako, achinyamata a AY ndi ma Pathfinder tingathe kugwiritsa ntchito Sabata masana kuyendera odwala, ndipo m'kati mwa sabata kuwatungira madzi, kuwalimira ndi kuperekeza amene akuopa kupita okha kuchipatala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mu 1936 boma la Belgium linatenga mafupa a Bambo Damien kukawaika ku Leuven, anthu a ku Molokai akudandaula. Mu 1995 mafupa a dzanja lawo lamanja anabwezedwa kumanda akale aja ku Kalawao, ndipo mu 2009 mpingo wa Katolika unawaika m'gulu la oyera ake. Ife sitilemekeza mafupa a akufa. Timakhulupirira kuti akufa akugona, kudikira tsiku la kuuka. Koma tikumvetsa chifukwa chake anthu a kumeneko analandira dzanjalo ndi chimwemwe. Ndi dzanja limene linatsuka zilonda, kukhoma mabokosi a maliro ndi kupisa m'mbale imodzi ndi odwala. Odwala a m'midzi mwathu nawonso adzaiwala maulaliki athu ambiri, koma sadzaiwala amene analowa m'nyumba mwawo n'kukhala nawo pamphasa.